Pakati pa katswiri wa m'bandi ndi mkulu wofatsa uja, ndisankhe uti?

Funso la wowerenga likuti: "Ndili ndi zaka 38. Chaka chatha ndinagula gitala, chinthu chimene ndakhala ndikuchilakalaka kuyambira ndili mwana. Kwa miyezi isanu ndakhala ndikutsatira mavidiyo pa YouTube, koma palibe nyimbo ndi imodzi yomwe imene ndingaiimbe mpaka kumapeto. Zala zimapweteka, nsambo zina sizilira, zina zimangochita phokoso. Tsopano ndikufuna mphunzitsi woti azindiphunzitsa pandekha. Ndapeza awiri: wina ndi mnyamata woimba m'bandi, akagwira gitala mpaka tsitsi limanyerenyetsa, wina ndi mkulu wofatsa amene sindinamumvepo akuimba pagulu, koma akuti amaphunzitsa. Ndisankhe uti? Kapena ndachedwa kale?"

Za kuchedwazo tithane nazo msanga. Simunachedwe. Mwana amaphunzira ndi thupi lofewa, koma wamkulu amabwera akudziwa chimene akufuna, amamva akauzidwa chifukwa cha chinthu, ndipo palibe amene amamukakamiza. Chimene chimagwetsa akuluakulu si zala zouma ayi, ndi manyazi: munthu anazolowera kuchita bwino pa ntchito yake, ndiye kuti akhale pansi n'kumalephera kanthu kamene mwana wa zaka 10 akuchita, zimamuwawa. Woimba gitala Django Reinhardt anapsa dzanja lamanzere pa ngozi ya moto mu 1928, zala ziwiri zinapuwala, koma anaphunziranso kuimba mpaka kukhala mmodzi wa akatswiri a jazi otchuka kwambiri ku Ulaya. Inu zala zanu zonse zilipo.

Tisanafike pa anthu awiriwa, ndikukayikira gitala yanuyo. Mwa anthu amene amabwera kwa ine akudandaula kuti zala zawo n'zofooka, ambiri vuto limakhala pa chida. Tengani rula, muyeze mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ija ndi fureti ya nambala 12, kutanthauza kachitsulo kopingasa kamene kali pakati penipeni pa utali wa nsambo. Pa gitala ya nsambo zachitsulo mpatawu uyenera kukhala pafupifupi mamilimita awiri ndi theka, osapitirira atatu. Pa gitala ya nsambo za nayiloni umakwererako pang'ono, mamilimita atatu kapena anayi. Ndinalandirapo mayi wina amene anafika atatsala pang'ono kugulitsa gitala yake. Nditaiyeza ndinapeza mamilimita asanu ndi limodzi. Chala changa chaching'ono chinkalowa pansi pa nsambo. Ineyo amene ndaimba zaka zambirimbiri ndinalephera kutulutsa khodi ya F (khodi ndi mawu a nsambo zingapo zolira pamodzi) yomveka pa gitala imeneyo. Iye anali atakhala miyezi yambiri akudziimba mlandu. Wokonza magitala atatsitsa kafupa kamene nsambo zimakhalirapo kumimba kwa gitala, n'kuwongola khosi, mayiyu sabata yotsatira anabwera akuseka yekha.

Ndanena zimenezi chifukwa ndiye mayeso oyamba a mphunzitsi. Mukafika kwa iye tsiku loyamba, onani chimene achite ndi gitala yanu. Wodziwa ntchito amaitenga, amaitchuna, amaiyang'ana chopenyera m'mbali mwa khosi ngati kalipentala akuona ngati thabwa lawongoka, amadina nsambo apa ndi apo, kenako amakuuzani ngati chidacho chili bwino kapena chikufunika kukonzedwa. Amene sakuigwira n'komwe, n'kungoyamba kuti "ikani chala apa", angakuphunzitseni miyezi itatu pa gitala imene ikulimbana nanu.

Adzakuuzaninso za nsambo. Zachitsulo zonse zisanu ndi imodzi zikatchunidwa zimakoka khosi la gitala ndi mphamvu yokwana makilogalamu pafupifupi 70, pamene za nayiloni zimakoka pafupifupi 40. N'chifukwa chake za nayiloni sizicheka zala kwambiri, ndipo n'chifukwa chakenso simuyenera kuika nsambo zachitsulo pa gitala yopangidwira nayiloni: khosi limapindika, ndipo kathabwa komangirira nsambo kakhoza kumatuka. Koma musathamangire kugula gitala ina. Ya nayiloni ili ndi khosi lalikulu m'lifupi, mamilimita pafupifupi 52 pamene yachitsulo ndi pafupifupi 43, ndiye kwa wa zala zazifupi imabweretsa vuto lake. Nthawi zambiri kungoika nsambo zachitsulo zopyapyala kumakwanira.

Tsopano anthu anu awiri aja.

Kuimba ndi luso lina, kuphunzitsa ndi luso linanso, ndipo si kawirikawiri kuti maluso awiriwa akhale mwa munthu mmodzi pa muyeso wofanana. Katswiri amene anayamba kugwira gitala ali ndi zaka 7 anaiwala kalekale kuti kusintha kuchoka pa G kupita pa C kunali kovuta. Zala zake zimapita zokha. Mukamufunsa kuti "mwachita bwanji pamenepo?" amabwerezanso pa liwiro lomwe lija n'kunena kuti "chonchi basi". Sakukubisirani, sakudziwa mmene amachitira. Ndikunena izi chifukwa ine ndinali munthu ameneyo. Wophunzira wanga woyamba anali bambo wina wodekha, wosadandaula. Pa ola lililonse, mphindi makumi anayi ndinkaimba ndine, iye atakumbatira gitala yake akugwedeza mutu. Ndinkaganiza kuti ndikumupatsa chilakolako. Atatha miyezi iwiri anasiya kubwera, ndipo pondiuza anati, "Aphunzitsi, mumaimba bwino kwambiri." Mawu amenewo anandiwawa kuposa chipongwe, chifukwa ndinazindikira kuti munthuyo ankalipira kuti adzandionerere.

Sindikunena kuti mnyamata wa m'bandiyo ndi wotero. Alipo oimba pagulu amene amaphunzitsa bwino zedi, ndipo alipo okalamba ofatsa amene amangobwereza buku limodzi kwa aliyense kwa zaka makumi atatu osayang'ana amene wakhala patsogolo pawo. Kufatsa si umboni, monganso kuthamanga kwa zala si umboni. Choncho musasankhe muli kunyumba. Pemphani phunziro limodzi loyeserera kwa aliyense, mulipire monga mwa nthawi zonse, ndipo mupite ndi maso.

Choyamba muwerenge mumtima: gitala ikulira kwambiri ndi ya yani? Pa phunziro labwino, gawo lalikulu la nthawi akuimba ndinu, iye akuyang'ana manja anu. Amaimba mwachidule kuti akuonetseni, n'kusiya.

Kenako muimbe khodi imene imakuvutani, nsambo ija ichite phokoso lake, mudikire. Apa m'pamene mphunzitsi weniweni amadziwikira. Wosadziwa amati "dinani mwamphamvu", ndipo langizo limeneli lawononga manja a anthu ambiri. Wodziwa amawerama n'kuyang'anitsitsa, chifukwa nsambo ikapanda kulira pali zifukwa zingapo, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Mwina chala chili kutali ndi fureti. Chikangosunthira pafupi ndi kachitsuloko, kumbuyo kwake pang'ono, mawu amayera popanda kuwonjezera mphamvu. Mwina chala chagona m'malo moima ndi nsonga, ndiye mimba yake ikukhudza nsambo yoyandikana nayo n'kuitsamwitsa. Mwina chikhadabo chatalika ndipo chikufika pa thabwa nsonga ya chala isanafike. Mwina chala chachikulu chakwera pamwamba n'kukumbatira khosi ngati mpini, zala zina n'kusowa potambasukira. Mwinanso vuto silili m'dzanja konse: mwakhala pa mpando wonyomphoka, gitala yapendekeka kuyang'ana kudenga chifukwa mukufuna kuona zala, ndipo dzanja lapindika mopitirira kuti lifikire. Vidiyo singaone zimenezi. Ndicho chokhacho chimene mukugula kwa mphunzitsi: maso ndi makutu a munthu amene akuona dzanja lanulo, osati dzanja la aliyense. Makhodi okha ali ponseponse kwaulere.

Muonenso ngati amadziwa kuchepetsa chinthu. Ndipereke chitsanzo chimene mungachiyese pompano. Gwirani khodi ya Am, nsambo mukuziwerenga kuyambira pa yopyapyala kwambiri: chala cha mkombaphala pa fureti yoyamba ya nsambo yachiwiri, chala chapakati pa fureti yachiwiri ya nsambo yachinayi, chala chachitatu pa fureti yachiwiri ya nsambo yachitatu. Tsopano pitani pa C. Wongoyamba kumene amachotsa dzanja lonse, n'kuyamba kufunafuna chala chimodzichimodzi, nyimbo itaima. Koma taonani bwino: mkombaphala ndi chala chapakati sizisuntha n'komwe. Chimene chimayenda ndi chala chachitatu chokha, kuchoka pa nsambo yachitatu kupita pa fureti yachitatu ya nsambo yachisanu. Munthu akakuonetsani zimenezi, kusintha kumene kunkakutengerani masekondi anayi kumatsika tsiku lomwelo. Mphunzitsi wabwino ali ndi tinjira totere tambirimbiri, ndipo amadziwa kakuti n'koyenera lero, kakuti kadikire mwezi wamawa.

Pali chinanso chimene ophunzira okha pa intaneti pafupifupi onse amabwera alibe, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chimene chikukulepheretsani kumaliza nyimbo: dzanja lamanja. Maso onse amakhala pa dzanja lodina makhodi, pamene nyimbo imayendetsedwa ndi dzanja lokhwatcha nsambo. Munthu akhoza kuphonya khodi, omvera osazindikira, bola kugunda kwa nyimbo kusaime. Koma akaimitsa dzanja lamanja kuti adikire lamanzere, ngakhale mwana amadziwa kuti pasokonekera. Ine wophunzira watsopano ndimamuuza kuti agoneke dzanja lamanzere pa nsambo zonse kuti zisalire, ndiye dzanja lamanja lizitsika ndi kukwera mosalekeza, metronome (kachipangizo kogunda mosasintha liwiro) itatcheredwa pa 60, kugunda kamodzi pa sekondi, phazi likugunda pansi, pakamwa akuwerenga mokweza. N'zotopetsa, ndipo ena amandiyang'ana ngati ndikuwabera nthawi. Koma mphunzitsi amene pa maphunziro awiri kapena atatu oyamba sanakambepo za kuwerenga nthawi, amene sanakuuzeni kuti "musaime, pitirizani ngakhale khodi sinakhale bwino", wakusiyirani dzenje limene mudzagweremo tsiku loyamba loimba ndi anthu ena. Mmera mpoyamba, chizolowezi choima pakati pa nyimbo chikakhazikika, kuchichotsa kumatenga nthawi yaitali kuposa kuphunzira bwino poyamba.

Phunziro likatha, funso ndi lakuti mwatuluka ndi chiyani m'manja. Sabata ili ndi maola 168, ndipo mphunzitsi mumakhala naye ola limodzi kapena theka. Gitala simuiphunzira pa ola limenelo, mumaiphunzira muli nokha masiku asanu ndi limodzi otsalawo. Ntchito yake yeniyeni ndi kukuphunzitsani mmene mungayeserere iye kulibe. Ngati akutsanzikani ndi mawu oti "kaziyesererani", sanakupatseni kanthu. Muyenera kutuluka ndi pepala, kapena uthenga pa foni, wonena zinthu ziwiri kapena zitatu zenizeni: kusintha Am ndi C kwa mphindi zitatu, kuwerenga kuti mwasintha kangati pa mphindi imodzi n'kulemba nambalayo, ndime yoyamba ya nyimbo yakuti pa liwiro lakuti. Ndipo sabata yotsatira ayambire pomwepo. Amene amakufunsani kuti "kodi tinalekezera pati?" sabata iliyonse, sakukuganizirani mukachoka.

Kuyeserera kwakeko kukhale kwa tsiku ndi tsiku, mphindi 15 kapena 20, osati maola atatu Lamlungu lokha. Mu 1978 katswiri wa za maganizo Alan Baddeley ndi mnzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa anthu ogwira ntchito ya positi ku Britain, amene ankaphunzitsidwa kutaipa. Amene ankaphunzira ola limodzi pa tsiku anafika podziwa atagwiritsa ntchito maola ochepa poyerekeza ndi amene ankapanikizidwa maola anayi pa tsiku. Zala zimaphunzira chimodzimodzi pa gitala: chimene chakukanikani usiku, mukagona n'kudzuka mumapeza chayamba kutheka. Gitala musaisunge m'chikwama pamwamba pa kabati. Ikhale poonekera, pamene mungaitole mukudikira china chake.

Za kupweteka, musiyanitse mitundu iwiri. Nsonga za zala kuwawa n'kwachibadwa. Mukamagwira tsiku lililonse pang'onopang'ono, pakatha masabata angapo khungu limakhuthala ndipo ululu umatha. Mukaona matuza, mwapitirira muyeso, pumani. Koma ululu wa pamfundo ya dzanja, m'chigongono, paphewa, kapena dzanzi m'zala, umenewo si wopirira. Ndi chizindikiro choti kakhalidwe kapena kagwiridwe kalakwika, ndipo ukapitirira mukaonane ndi dokotala. Mphunzitsi wonena kuti "limbani mtima, tonse tinadutsamo" pa ululu wa mtundu umenewu, musabwererekonso.

Mumufunsenso, kapena kuti muone ngati iye akufunsani, za nyimbo zimene mukufuna kuimba. Wofuna kuperekeza mawu ake poimba ndi banja sayenda njira imodzi ndi wofuna gitala ya classical, kapena wofuna kuliza lidi m'bandi. Wa classical ayenera kuphunzira kuwerenga manotsi ndi kakhalidwe kake ka gitala pa mwendo wamanzere kuyambira pachiyambi. Woperekeza nyimbo angayambe ndi makhodi otseguka asanu ndi atatu okha, E, A, D, G, C, Em, Am ndi Dm, ndipo ndi amenewa, makamaka akawonjezera kapo (kachipangizo kopana nsambo zonse pa khosi kuti mawu akwere), nyimbo zoimbika n'zosawerengeka. Ena amanyoza tablature, kalembedwe koonetsa nsambo ndi nambala ya fureti, ngati njira ya aulesi, koma oimba lute, chida cha nsambo chofanana ndi gitala, ku Ulaya ankaigwiritsa ntchito kale m'zaka za m'ma 1500. Kufooka kwake n'kwakuti nthawi zambiri siionetsa bwino kutalika kwa mawu, ndiye iyenera kuyendera limodzi ndi khutu. Ine ndimakonda mphunzitsi amene, kaya akugwiritsa ntchito manotsi kaya tablature, nthawi zina amatembenuza pepala n'kunena kuti "tamverani, khodi yasintha pati?" Wophunzira amene sangaimbe kanthu pepala litauluka ndi mphepo sanamalize kuphunzira nyimboyo.

Masatifiketi ali ndi malo ake. Mabungwe monga ABRSM ndi Trinity College London amayesa mayeso a gitala kuyambira giredi 1 mpaka 8, ndipo munthu amene anakhoza giredi 8 ndiye kuti amaimbadi. Koma pepala limenelo likunena za kuimba kwake, osati za kuphunzitsa. Umboni umene ine ndingaufune ndi ophunzira ake. Osati amene ali katswiri kale, amene mwina anabwera akudziwa. Mupemphe kumva kapena kulankhula ndi amene anayamba wosadziwa chilichonse miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Ngati munthu ameneyo akuimba nyimbo yosavuta kuyambira poyamba mpaka pamapeto osaima, mapewa ali omasuka, nkhope isanakwinyike, mphunzitsiyo amadziwa ntchito. Mufunsenso kuti ophunzira ake amakhala naye nthawi yaitali bwanji.

Khodi ya F yotchinga nsambo zonse ndi chala chimodzi ndi pamene anthu ambiri amasiyira gitala, ndiye ndi funso labwino lomuyesera: "F ndidzaphunzira liti?" Akakupatsani sabata yoyamba, akuthamanga. Woganiza bwino amayamba ndi F yaing'ono ya nsambo zitatu kapena zinayi, n'kudikira dzanja likhwime.

Zina n'zongogwirizana, koma mugwirizane musanayambe kuti ubale usadzawonongeke: phunziro ndi lalitali bwanji, mukalephera kubwera mudziwitse liti, iye akalephera abweza bwanji. Kwa wongoyamba mphindi 30 mpaka 45 sabata iliyonse zimakwanira, ndipo n'zabwino kuposa maola awiri kamodzi pa mwezi. Musalipiretu miyezi yambiri kwa munthu amene simunamuyese. Ngati mmodzi mwa iwo akufuna kuphunzitsa pa vidiyo ya pa intaneti, zimatheka, koma mawu amachedwa pang'ono kufika, moti simungaimbire limodzi, komanso sangakuzungulireni kuti aone chala chachikulu chimene chabisala kuseri kwa khosi. Kwa munthu amene ali ndi zizolowezi za miyezi isanu zofunika kuwongola, ndingakonde maso ndi maso. Ndipo pa mnyamata wa m'bandiyo mufunsitse za maulendo ake. Bandi ikapita kukaimba kutali masabata atatu, phunziro lanu limapita nayo.

Amene mwamusankhayo mumupatse miyezi itatu, inu mukuchita mbali yanu. Pofika pamenepo muyenera kumatha kutchuna gitala nokha, kusintha makhodi anayi kapena asanu osaimitsa dzanja lamanja, ndi kuimba nyimbo ziwiri kapena zitatu zosavuta mpaka kumapeto, ngakhale pang'onopang'ono. Zikapanda kutero, muyambe mwadzifunsa moona mtima kuti pa sabata mumaigwira masiku angati. Ngati mumaigwiradi koma palibe chikusintha, kapena mwayamba kuopa tsiku la phunziro, mumuthokoze mwaulemu n'kupita kwa winayo. Aphunzitsi enieni sakwiya nazo. Ine ndatumizapo ophunzira anga kwa anzanga nditaona kuti nyimbo zimene akufuna si zimene ndimadziwa bwino.

Mukandiumiriza kuti ndiloze mmodzi ndisanawaone, mtima wanga ukupendekera kwa mkulu wofatsayo, pa chifukwa chimodzi: anthu akumutchula monga wophunzitsa, pamene winayo mwamutchula monga woimba. Koma ndikhoza kulakwa, ndipo phunziro loyeserera lija lidzakuuzani zoona kuposa ine. Popita, wengani zikhadabo za dzanja lodina nsambo, lembani nyimbo zitatu zimene mumazikonda, ndipo gitala mupite nayo mmene ililimo, osasintha nsambo, osaikonza. Musayesererenso usiku wonse kuti mukaoneke odziwa. Mukaimbe mmene mumaimbira muli nokha m'chipinda, ndi phokoso lake lonse, kenako muone amene awerame kuyang'ana dzanja lanu.